Musanafafanize webusaiti ya bizinesi yanu, yambani mwadziwa zimene ikukuchitirani

Funso: Webusaiti ya bizinesi yathu inapangidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ikuoneka yachikale, pa foni zilembo zimachepa kwambiri, ndipo amene anatipangira sitikudziwanso kumene ali. Wokonza mawebusaiti wina watiuza kuti njira yabwino ndi kuifafaniza yonse n'kuyamba ina yatsopano. Kodi ntchito imeneyi tiikonzekere bwanji kuti ndalama zathu zisapite pachabe?

Yankho: Zifukwa zimene mwaperekazi n'zomveka, ndipo vuto la pa fonilo palokha ndi lokwanira kuti webusaitiyo ikonzedwe. Komabe ndikukupemphani kuti musavomere msanga mawu akuti kufafaniza. Webusaiti imene yakhala pa intaneti zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale itanyansa maso, imakhala itasonkhanitsa chuma chimene mwini wake sachiona: masamba amene Google ikuwadziwa ndipo imatumizako anthu, malinki amene anthu ena anaika pa masamba awo, komanso maadiresi amene makasitomala anasunga m'mafoni mwawo. Wokonza watsopano akafika amaona mitundu yachikale ndi zithunzi zosalongosoka, chifukwa n'zimene zili pamaso pake, ndipo chuma chobisikacho chimatayika tsiku limodzi ngati palibe amene anachilemba. Choncho ntchito yanu yoyamba ndi kufufuza webusaiti yakaleyo, ndipo kujambula yatsopano kubwere pambuyo.

Popeza mwanena kuti amene anakupangirani sakupezekanso, yambani ndi nkhani ya umwini, chifukwa ikavuta zina zonse zimaima. Pali zinthu zitatu zimene anthu ambiri amaziyesa chimodzi. Pali domain, lomwe ndi dzina limene anthu amalemba kuti afike kwa inu, ndipo limalipiridwa chaka ndi chaka ku kampani yolembetsa maina. Pali hosting, kutanthauza seva, kompyuta imene mafayilo a webusaiti amakhalamo. Palinso akaunti yolowera mu webusaitimo kuti musinthe zolembedwa. Fufuzani kuti domain inalembetsedwa m'dzina la ndani, imelo imene imalandira chikumbutso cha kulipira ndi ya ndani, ndiponso kuti idzatha liti. Zimachitika kawirikawiri kuti wopanga webusaiti amalembetsa domain m'dzina lake pofuna kufulumiza ntchito, ndiye akachoka, mwini bizinesi amadzadzidzimuka tsiku limene webusaiti ndi maimelo onse a kampani zaleka kugwira ntchito. Ngati zili choncho kwa inu, lankhulani ndi kampani yolembetsayo panopa, chifukwa kutsimikizira kuti dzinalo ndi lanu kumatha kutenga nthawi ndipo kumafuna mapepala a bizinesi. Kuyambira lero, akaunti iliyonse itsegulidwe ndi imelo ya kampani, ndipo wokonzayo azipatsidwa chilolezo cholowera chimene mungachichotse ntchito ikatha.

Mukatenga makiyi amenewa, funafunani ziwerengero. Google Search Console, imene ndi yaulere, imakuuzani mawu amene anthu analemba pofufuza asanafike kwa inu, tsamba limene anafikira, ndi masamba a anthu ena amene ali ndi malinki obwera kwanu, ndipo imasunga malipoti a miyezi 16. Ngati webusaiti yanu inalumikizidwa ku Google Analytics pa nthawi imene inkapangidwa, dziwani kuti mtundu wakale, wotchedwa Universal Analytics, unasiya kuwerenga alendo pa 1 July 2023, kotero n'kutheka kuti kuyambira nthawi imeneyo palibe chimene chikulembedwa ngati munthu sanaikemo mtundu watsopano wa GA4. Ngati mulibe chilichonse mwa zimenezi, ziikeni tsopano pa webusaiti yakaleyo ndipo mudikire mwezi umodzi kapena iwiri musanayambe kumanga. Kudikira kumeneku kumawawa munthu amene watopa kale ndi webusaiti yake, koma popanda ziwerengero za lero simudzakhala ndi poyerekezera, ndipo simudzadziwa ngati ndalama zanu zinabala kanthu. Pa nthawi yodikirayo khalani pansi ndi antchito amene amayankha mafoni ndi mauthenga, muwafunse mafunso amene makasitomala amafunsa mobwerezabwereza. Funso limene limafunsidwa tsiku lililonse ndi umboni wakuti yankho lake mulibe mu webusaitimo, kapena lilimo koma linabisika.

Kenako gwirizanani cholinga chimodzi chachikulu, ndipo chikhale chotheka kuchiwerenga. Mawu akuti tikufuna webusaiti yooneka bwino sangakuthandizeni, chifukwa aliyense mu kampani ali ndi maso ake, ndipo mkangano wa mitundu umathera kwa amene ali ndi udindo waukulu, osati kwa amene akudziwa makasitomala. Cholinga chothandiza chimamveka motere: tikufuna kuti anthu opempha mitengo kudzera pa fomu achuluke, kapena tikufuna kuti amene ayamba kugula azifika mpaka polipira, kapena tikufuna kuti mafoni ofunsa nthawi yotsegulira achepe. Lembani nambala ya lero pambali pa cholingacho. Pambuyo pake, munthu akabwera ndi ganizo lakuti patsamba loyamba pakhale kanema wamkulu kapena uthenga wautali wa mkulu wa kampani, mudzakhala ndi funso limodzi lomuyankhira nalo mwaulemu, lakuti kodi chimenechi chithandiza bwanji nambala tinagwirizana ija. Sankhaninso munthu mmodzi amene mawu ake adzakhala omaliza, chifukwa ntchito imene ikudikira chivomerezo cha anthu asanu imachedwa miyezi, ndipo imatuluka yosakondweretsa aliyense wa iwo.

Musaganize kuti ngozi imeneyi imagwera mabizinesi ang'onoang'ono okha. Mu February 2014 kampani yaikulu ya ku Britain ya Marks & Spencer inatsegula webusaiti yatsopano itasamuka pa makina a Amazon amene inkagwiritsa ntchito kale. Makasitomala akale anafunika kulembetsanso maakaunti awo, ambiri anadandaula kuti akuvutika kupeza katundu, ndipo m'miyezi itatu yothera kumapeto kwa June chaka chomwecho malonda a pa intaneti a kampaniyo anatsika ndi 8.1 peresenti. Kampaniyo inali ndi ndalama ndi akatswiri, koma munthu amene anazolowera njira yake yogulira salabadira kukongola akapeza kuti pasiwedi yake sikugwiranso ntchito. Ngati webusaiti yanu ili ndi maakaunti a makasitomala kapena mbiri ya zimene anagula, funso la mmene zimenezi zidzasamutsidwire lifunsidwe pa msonkhano woyamba.

Tsopano ndifike pa gawo limene ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse, lomwenso limaiwalika kawirikawiri chifukwa silioneka pa chithunzi chilichonse chimene wokonza angakusonyezeni. Tsamba lililonse la webusaiti lili ndi adiresi yakeyake, ndipo Google imasunga ndi kuyeza tsamba lililonse ndi adiresi imeneyo. Mukamanga webusaiti yatsopano, makamaka ndi pulogalamu ina, maadiresi amasintha. Tsamba limene linali pa /katundu.php?id=27 limapezeka pa /katundu/mapampu-a-madzi, ndipo munthu amene wadina linki yakale amalandira uthenga wa 404, wonena kuti tsambalo kulibe. Zili ngati kusamuka nyumba usiku osauza anansi kumene mwalowera: alendo amafika, kugogoda, n'kubwerera. Mankhwala ake ndi lamulo limene limaikidwa pa seva, lotchedwa 301 redirect, limene limatenga mlendo aliyense wofika pa adiresi yakale n'kumupititsa pa yatsopano, komanso limauza Google kuti kusamukako n'kwamuyaya ndipo mbiri ya tsamba lakale ipite ku latsopano.

Kuti zimenezi zitheke pamafunika tebulo, ndipo tebulo limeneli lipangidwe webusaiti yakale idakali moyo. Tsegulani Excel kapena Google Sheets. Mu mzere woyamba wotsika lembani adiresi iliyonse ya webusaiti yakale. Pulogalamu ya Screaming Frog imatha kuyendera webusaiti n'kukutulutsirani maadiresi mpaka 500 kwaulere, ndipo mndandandawo muuphatikize ndi wa mu Search Console kuti masamba amene alibe linki yofikirako asatsale. Mu mzere wachiwiri lembani alendo amene tsambalo linalandira chaka chathachi. Mu wachitatu lembani chigamulo: tsambali likhale momwemo, lilembedwenso, liphatikizidwe ndi lina, kapena lichotsedwe. Mu wachinayi lembani adiresi yatsopano imene mlendo adzapititsidwako. Mukamadzaza tebuloli musadabwe kupeza tsamba lofotokoza mmene chipangizo china chimagwirira ntchito, limene linalembedwa kalekale ndipo aliyense mu ofesi analiiwala, likubweretsa anthu ambiri kuposa tsamba loyamba. Masamba otere ndi amene wokonza wosafufuza amawataya poyamba, powaona kuti ndi zinyalala. Musaiwale mafayilo a PDF, monga makatalogi ndi mafomu, chifukwa nawonso ali ndi maadiresi amene anthu anatumizirana.

Pa nkhani yomweyi pali njira yachidule imene muyenera kuikana, yoti maadiresi onse akale azipititsa anthu patsamba loyamba. Munthu amene amafuna mapampu a madzi akafikira pa mawu omulonjera amangotseka, ndipo Google nayo inanena kuti kulozera kotere ingakutenge ngati tsamba losowa. Adiresi iliyonse ipite ku tsamba lofanana nayo kwambiri, ndipo ngati palibe lofanana nalo, ndi bwino kulisiya kuti lionetse 404 poyera. Malangizo a Google ndi akuti malamulo olozerawa asungidwe kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, koma ine ndimalangiza kuti asachotsedwe konse, popeza kuwasunga sikuwononga kanthu. Ndipo pamene adiresi ikhoza kukhala momwe inalili, isiyeni. Ngati mulinso ndi maganizo osintha domain yeniyeniyo, musachite nthawi imodzi ndi kusintha maonekedwe, chifukwa alendo akadzachepa simudzadziwa chimene chalakwitsa pa ziwirizo.

Tebulo lomwelo lidzakuuzani kuchuluka kwa zolemba zimene zikufunika, ndipo apa ndi pamene ntchito zambiri zimatsamwa. Wokonza amajambula masamba okongola n'kudzazamo mawu ongoyembekezera, kenako amadikira miyezi kuti mwini bizinesi atumize mawu enieni ndi zithunzi, ndipo zikafika zimapezeka kuti sizikukwana m'malo amene anasiyidwa. Lembani mawu poyamba, makamaka a masamba amene amabweretsa malonda, kuti maonekedwe apangidwe motsatira mawuwo. Gwiritsani ntchito mawu amene makasitomala amagwiritsa ntchito, amene mwawaona mu Search Console ndi amene antchito anu amawamva pa foni, osati maina amene mumaitanira katundu wanu mu ofesi. Tsamba lililonse lilembedwe dzina la amene adzalilemba ndi tsiku limene adzalipereka.

Za mafoni mwazindikira kale, koma ndionjezere kuti nkhaniyi imapitirira kukula kwa zilembo. Google inayamba mu 2018 kuyeza mawebusaiti potengera mmene amaonekera pa foni, ndipo mu 2023 inalengeza kuti kusinthaku kwatha, kotero zimene mwazichotsa pa tsamba la pa foni zili ngati kulibe. Pemphani kuti chojambula choyamba chimene wokonza akusonyezeni chikhale cha sikirini ya foni, ndipo muchione pa foni yotsika mtengo pamalo pamene netiweki ili yofooka, osati pa kompyuta yaikulu ya mu ofesi yake. Liwiro lilembedwe mu mgwirizano ndi manambala, ndipo miyezo ya Google, yotchedwa Core Web Vitals, ndi poyambira pabwino: chinthu chachikulu cha patsamba chionekere pasanathe masekondi 2.5, tsamba liyankhe pasanathe mamilisekondi 200 munthu akadina, ndipo zinthu zisamadumphedumphe pamene tsamba likutseguka, zimene zimayezedwa ndi nambala yosapitirira 0.1. Mungathe kuyeza nokha kwaulere pa PageSpeed Insights. Chimene chimalemetsa masamba kawirikawiri ndi zithunzi zimene zaikidwa momwe zinachokera mu kamera, ndipo kuzichepetsa ndi kuzisunga mu mtundu wa WebP kumathetsa gawo lalikulu la vutoli. Zithunzi zikuluzikulu zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba loyamba ine sindizilimbikitsa, chifukwa zimachedwetsa tsamba ndipo zimakankhira pansi zimene mlendo wabwerera.

Ganiziraninso anthu amene ali ndi vuto la maso kapena la manja. Malangizo a WCAG, ochokera ku bungwe la W3C, amene mtundu wake wa 2.2 unatuluka mu October 2023, amanena kuti kusiyana kwa mtundu wa zilembo wamba ndi mtundu wa kumbuyo kwake kusachepere 4.5 kwa 1, kuti zithunzi zikhale ndi mawu ozifotokoza, ndiponso kuti webusaiti izitheka kuyendetsedwa ndi kiyibodi yokha. Zilembo zotuwa pa tsamba loyera zimakondweretsa ojambula ambiri, koma zimavuta munthu wachikulire ndi aliyense amene akuwerenga foni padzuwa.

Musanavomereze maonekedwe, ayeseni pa anthu amene sagwira ntchito kwa inu. Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula mavuto ambiri aakulu, ndipo kuti ndi bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi gulu lalikulu. Mpatseni munthuyo foni ndi ntchito yeniyeni, monga kupeza ngati mumatumiza katundu kutali kenako n'kukuimbirani, ndipo inu mukhale chete. Yang'anani chala chake. Mudzachiona chikuzungulira pamwamba pa sikirini, chikudina mawu amene si linki, chikubwerera, kenako chikudina nambala ya foni imene sikuimba chifukwa inaikidwa ngati chithunzi. Musamuthandize, ndipo musamufunse ngati webusaiti yamusangalatsa, chifukwa anthu amayamikira pofuna kusakukhumudwitsani. Lembani pamene wakakamira. Anthu atatu mwa asanu akakakamira pamalo amodzi, malowo akonzedwe ngakhale atakhala okongola chotani. Kuyesa komweku kuchiteninso pa webusaiti yakale, chifukwa kudzakuuzani zimene siziyenera kukhudzidwa.

Za pulogalamu yomangira sinditaya nthawi yambiri. WordPress, imene imayendetsa mawebusaiti oposa 40 peresenti padziko lonse, ili ndi ubwino wakuti anthu oidziwa ndi ambiri, kotero wokonza wanu akachoka mudzapeza wina, koma imafuna kusamalidwa pafupipafupi kuti akuba asalowemo. Shopify, Wix ndi Squarespace zimakuchotserani ntchito yosamalira seva, koma kudzasamuka kuchokako n'kovutirapo. Funso lofunika ndi lakuti kodi wantchito wanu wamba angathe kusintha nambala ya foni kapena kuika katundu watsopano popanda kuitana katswiri. Mu mgwirizano mulembedwe poyera kuti tebulo la maadiresi ndi malamulo a 301 ndi gawo la ntchito, kuti mafayilo, zithunzi ndi mapasiwedi onse adzaperekedwa kwa inu, kuti antchito anu adzaphunzitsidwa, kuti zolakwika zopezeka m'masabata oyamba zidzakonzedwa popanda malipiro ena, ndiponso kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa webusaiti itatsegulidwa ndi kuyesedwa.

Tsiku lotsegulira lisakhale Lachisanu madzulo kapena pakati pa nyengo imene mumagulitsa kwambiri. Sungani kope lathunthu la webusaiti yakale kuti muthe kubwerera zinthu zikavuta. Pali zolakwika zingapo zimene zimabwera mobwerezabwereza pa tsikuli. Webusaiti ikamamangidwa imabisidwa kuti Google isaione, ndipo lamulo lobisalo, kaya ndi noindex kapena kabokosi kamodzi ka mu WordPress, limaiwalika, moti webusaiti yatsopano imazimiririka pang'onopang'ono pa zotsatira za kufufuza popanda wozindikira. Posamutsa seva, zolozera za maimelo zotchedwa MX zimatha kusokonezeka, ndipo makalata a makasitomala amasiya kufika. Mafomu amatha kuoneka kuti atumiza uthenga pamene uthengawo sukupita kulikonse, choncho dzazani fomu iliyonse nokha ndipo muone kuti yafika mu bokosi la munthu woyenera. Onetsetsaninso kuti masamba onse akutseguka ndi https, chifukwa kuyambira mu July 2018 Chrome imalemba chenjezo lakuti tsamba n'losatetezeka pa masamba amene alibe chitetezochi, ndipo satifiketi yake imapezeka kwaulere ku Let's Encrypt. Pomaliza tengani maadiresi akale a mu tebulo lija, muwayese limodzilimodzi kuyambira ndi amene amalandira alendo ambiri, kenako mutumize sitemap yatsopano, fayilo yokhala ndi mndandanda wa maadiresi a masamba anu, mu Search Console.

M'masabata oyamba alendo ochokera ku Google akhoza kutsika ndi kukwera pamene makina ake akuyendera maadiresi atsopano, ndipo zimenezi zisakuchititseni mantha. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi kutsika kwakukulu kosabwerera, kapena mndandanda wa masamba a 404 umene ukukulirakulira mu Search Console, umene muziuyang'ana tsiku lililonse m'sabata yoyamba, kenako sabata iliyonse. Pakatha miyezi itatu bwererani ku nambala imene munalemba pachiyambi, ndipo muiyerekeze ndi ya miyezi yomweyo ya chaka chatha, chifukwa malonda ambiri amasintha ndi nyengo.

Pa ganizo la wokonza wanu lakuti zonse ziyambidwenso, n'kutheka kuti akunena zoona pa mbali ya pulogalamu, chifukwa webusaiti ya zaka zisanu ndi ziwiri imene yakhala yopanda woisamalira nthawi zambiri imakhala pa makina okalamba amene kuwakonza kumadula kuposa kumanga atsopano. Koma kusintha makina sikukukakamizani kutaya maadiresi, zolemba zimene zikubweretsa anthu, kapena njira zimene makasitomala anu anazolowera. Mukakumana naye, mufunseni mmene adzasamutsire maadiresi akale ndi mmene adzadziwire masamba ofunika kusungidwa. Akayankha mwatsatanetsatane, n'kupempha yekha kuti aone Search Console yanu asanakuuzeni mtengo, mungapitirize naye. Akayankha kuti Google idzaipeza yokha webusaiti yatsopanoyo, funafunani wina.